Ku Kochi, kumene ukonde amauvuulira kamera

Lolemba usiku, Fort Kochi

Maphunziro athu a za usodzi kuno ku Kochi, mzinda wa m'chigawo cha Kerala ku India, anatha Lachisanu ndipo anzanga ambiri anabwerera kwawo, koma ndege yanga ndi ya kumapeto kwa sabata ino. Kubindikira m'chipinda ku Ernakulam, mbali yatsopano ya mzindawu, n'kumaonera TV ya chilankhulo chosamva kunanditopetsa, choncho lero ndalongedza chikwama n'kuwolokera tsidya lino, kumene kuli mzinda wakale. Ndiziponya zolembazi madzulo alionse intaneti ikalola.

Woyendetsa auto, timagalimoto tija ta mateyala atatu, ananditchulira marupi 400 kuti tizungulire kudzera pamilatho. Boti la boma ndi marupi 6. Ndinaima pamzere wa amuna, poti amayi ali ndi wawo, thukuta likuyenderera mumsana, kudikira kuti kawindo ka matikiti katsegulidwe. Botilo ndi lakale, injini yake yaphokoso moti anthu amalankhulana ndi manja. Mtima wanga unali m'mwamba. Ndinakulira m'mbali mwa nyanja, koma madzi a kuno amadutsamo zombo zazitali kuposa nyumba zosanja, ndipo mu 2015 boti lina lonyamula anthu linagundidwa ndi la asodzi pafupi ndi Fort Kochi pomwepa, anthu n'kumira. Amene ndinakhala nawo pabenchi analibe nazo ntchito zimenezo. Wina amawodzera, mayi wina amawerenga nyuzi.

Kumanja kumaoneka zikwewe zachitsulo zonyamulira makontena za ku Vallarpadam. Kumanzere kuli chilumba cha Willingdon, chomwe chinapangidwa ndi anthu. Injiniya wachingerezi Robert Bristow atabwera mu 1920 kudzakumba khomo la doko kuti zombo zikuluzikulu zizilowa, matope omwe ankafukulawo ankawaunjika pamenepo mpaka unakhala mtunda womangapo maofesi ndi njanji.

Ndapeza chipinda m'nyumba ya mayi wina wachikulire, Mkatolika, wa dzina la makolo lachipwitikizi. Marupi 1,200 usiku umodzi, fani ya kudenga, neti yotchinga udzudzu ndi kadzutsa. Nyumba zambiri mumsewu uno zili ndi chikwangwani cha homestay pachipata, kusonyeza kuti amagoneka alendo. Mayiwo akuti ana awo ali ku Dubai, zipinda zinangokhala, ndiye bola zizibweretsa ya magetsi. Anandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi n'kundifunsa ngati ndimasewera mpira, chifukwa anyamata ambiri a ku Africa amene amawadziwa kuno ku Kerala amabwera kudzasewera m'matimu a anthu seveni. Ndinawaonetsa mimba yangayi, anaseka mpaka kugwira khoma.

Lachiwiri, pa maukonde

Ndinadzuka kusanache kuti ndikaone maukonde otchuka aja, omwe ali pachithunzi chilichonse chotsatsa Kerala. Eni ake amawatcha cheena vala. Ena amati anabwera ndi amalinyero a ku China m'nthawi ya Zheng He, mkulu wa zombo zawo, ena amati anabwera ndi Apwitikizi kuchokera ku Macau. Monga munthu wa nsomba, ine chomwe ndimafuna chinali kuona zimene zimatuluka muukondewo.

Kapangidwe kake n'kanzeru. Mitengo italiitali yolumikizidwa imaima pa thandala la matabwa m'mphepete mwa madzi, ukonde waukulu utapachikidwa kutsogolo, kumbuyo kukulendewera miyala ikuluikulu yomangidwa pazingwe. Kulemera kwa mbali ziwirizi n'kofanana kwambiri moti munthu mmodzi akayenda pamtengo wapakati ukonde umamira wokha. Pakapita mphindi zochepa amuna anayi kapena asanu amakoka zingwe, miyala n'kutsika umodziumodzi, ukonde n'kuvuuka. Palibe injini, palibe mafuta, ndipo pansi pa nyanja sipakokolodwa. Pa njira zonse zophera nsomba zomwe ndaphunzira, iyi ndi imodzi mwa zosawononga.

Koma zimene ndinaona zikuvuuka: tinsomba tosadzaza chikho, nkhanu imodzi, mabotolo apulasitiki, nkhwaira, ndi mulu wa namasupuni wochokera kumtunda kwa dambo la Vembanad. Akhwangwala ndi akakowa anali tcheru kulanda ngakhale tochepato. Anavuula kangapo ndili pomwepo, zotsatira zake zomwezo.

Dzuwa litakwera kunafika alendo, ndipo ntchito inasintha nkhope. Asodzi aja anayamba kukodola anthu kuti akwere pathandala, agwire chingwe, akoke nawo uku akuimbiridwa nyimbo yokokera, mnzawo akujambula. Pomaliza mlendo amasiya marupi 100 kapena 200. Nanenso anandiitana. Nditawauza kuti ntchito yanga ndi ya nsomba, mkulu wawo anasiya kumwetulira kwa malonda kuja n'kundikhazika pa bokosi, tinamwa tiyi. Kuno mwamuna wamkulu kwa iwe umamuitana kuti chetta, ndipo nditatero anamasuka. M'Chingerezi chake choduladula anandiuza kuti m'miyezi ino ndalama ya alendo imaposa ya nsomba, ndipo ikaperewera amagawana umphawi womwewo ndi mwini ukonde. Anandionetsa kuti mikono ina ya ukondewo tsopano ndi mapaipi achitsulo chifukwa mitengo yaitali ya teak inadula, koma chitsulo chimadyedwa ndi mchere msanga. Mwana wake amagwira ntchito pa sitolo ya mafoni ku Ernakulam ndipo chingwe safuna n'kuchigwira komwe.

Sindinadabwe ndi kusowa kwa nsombako. Kumaphunziro anatiuza za mathi, kansomba kamafuta komwe ndi ndiwo ya amphawi kuno. Malinga ndi bungwe lofufuza za nsomba za m'nyanja la CMFRI, lomwe likulu lake lili mu Kochi momwemuno, mu 2012 Kerala anapha pafupifupi matani 400,000 a nsombayi, koma mu 2021 sanafike n'komwe pa matani 4,000. Kenako inayamba kubwereranso. Boma limaletsa maboti okoka makoka pansi kwa masiku 52 nyengo ya mvula, kuyambira mu Juni mpaka kutha kwa Julayi, koma ukonde woima pamalo amodzi sungathamangire nsomba kumene zathawira.

Kumbuyo kwa maukondewa kuli mabenchi ogulitsa nsomba, wogula amanyamula n'kukakazingitsa pa lesitilanti yapafupi. Alendo amagula mokondwa poganiza kuti zangovuulidwa kumene pamaso pawo. Abale, nsomba zazikulu ngati mkono wa munthu zija, zogonekedwa pa ayezi, sizingachoke muukonde woviikidwa mamita ochepa kuchokera pagombe. Zimachokera ku maboti a kunyanja yakuya. Sindinanene kanthu, aliyense akusaka ya ufa.

Pobwerera ndinaima pakhomo pomwe madzi a dambo amakumana ndi nyanja ya Arabia. Olemba mbiri ambiri amati khomo limeneli linatsegulidwa ndi chigumula cha mtsinje wa Periyar mu 1341, chomwenso chinakwirira doko lakale la Muziris kumpoto, kumene Aroma ankagula tsabola. Amalonda anasamukira kuno, ndipo Kochi anayambira pamenepo.

Lachitatu, Mattancherry

Kadzutsa wa lero anali puttu, ufa wa mpunga wosakaniza ndi kokonati wophikidwa ndi nthunzi, ndiwo yake tchana wakuda wa msuzi. Amakhutitsa mpaka masana.

Pachipata wa auto wina anati andizungulitsa mzinda wonse ndi marupi 50 okha. Mayi a nyumba anandichenjeza kale kuti mtengo woterowo umatanthauza kuimitsidwa m'masitolo a makapeti, kumene woyendetsayo amapatsidwa kangachepe pa mlendo aliyense amene wamulowetsa. Ndinayenda wapansi kutsata Bazaar Road, ndipo dzuwa la kuno silichita nthabwala.

Msewu umenewu ndiwo msana wa doko lakale. Mbali imodzi kuli nyumba zosungiramo katundu zomwe makomo ake akumbuyo amatsegukira kumadzi, kuti mabwato azitsitsa matumba pakhomo penipeni. Zina zikugwirabe ntchito: malole a mpunga ndi anyezi atsekereza njira, amuna onyamula matumba pamutu, mbuzi zikudya zapansi. Ndinasuzumira m'bwalo lina momwe munayanikidwa jinja wopakidwa laimu, woyera mbee, ndipo fungo lake linandiyetsemulitsa mpaka misozi. Amayi omwe amasankha jinjayo anandiseka, mmodzi n'kundipatsa madzi m'kapu yachitsulo. Nyumba zina zagwa madenga, mitengo yamera m'makoma. Zina zasanduka mahotela odula ndi malo oonetsera zojambula, makamaka chiyambire chionetsero chachikulu cha Kochi-Muziris Biennale mu 2012. Chipinda chimodzi m'mahotela amenewo, usiku umodzi, chingalipire amayi a jinja aja kwa masabata.

Tsabola ndi jinja zimenezi ndi zomwe zinakoka Azungu. Pedro Álvares Cabral anafika mu 1500, mfumu ya Kochi inamulandira pofuna womuteteza kwa mfumu ya ku Calicut, ndipo mu 1503 Apwitikizi anamanga linga lawo. Adatchi anawalanda mu 1663, Angerezi n'kulanda Adatchi mu 1795.

Ku Jew Town, dera lakale la Ayuda, sindinakhalitseko. Sunagoge wa mu 1568 alipo, wokongola, umavula nsapato kuti usakande matailosi a ku China, koma Ayuda eni ake pafupifupi onse anasamukira ku Israel pambuyo pa 1948. Kamsewu kolowera kumeneko kadzaza masitolo a zosemasema ndi nsalu, ambiri ogulitsa ndi ochokera ku Kashmir, ndipo aliyense amakuitana kuti ungoona chabe.

Chomwe ndinapitira ku Mattancherry ndi china. Mnzanga wa kuno kumaphunziro anandiuza kuti ndikafunse malo otchedwa Mangattumukku, kumene kuli kachisi wa Kappiri Muthappan. Ndinafunsa pa sitolo ya tiyi, ndipo mwini sitolo atandiyang'ana nkhope anasiyira mnyamata wake ketulo n'kundiperekeza yekha. Kachisiyo ndi kamphako chabe m'khoma la m'mbali mwa msewu, kofoleredwa, kopanda fano, kakuda ndi utsi wa makandulo. Njinga zamoto zimadutsa pafupi penipeni. Anthu amasiyapo makandulo, ndudu zazikulu ndi mowa wa mgwalangwa wa kokonati, Ahindu, Akhristu ndi Asilamu omwe.

Mzimu umene amaupembedza pamenepo ndi wa akapolo a ku Africa. Nkhani imene anthu a kuno amasimba ndi yakuti Adatchi atazinga mzinda, Apwitikizi olemera anakwirira chuma chawo m'makoma ndi pansi pa mitengo, n'kupha akapolo awo n'kuwakwirira pamodzi nacho kuti mizimu yawo izichilondera mpaka adzabwere. Eni chuma sanabwerenso, alonda anatsala, ndipo lero amakhulupiriridwa kuti amateteza anthu a m'deralo ndi kulondolera osochera usiku. Za chumazo ndi nthano. Za akapolozo n'zoona. Zombo za Apwitikizi zopita ku India zinkaima pa chilumba cha Mozambique, pomwe Vasco da Gama anadutsa mu 1498, ndipo pofika zaka za m'ma 1530 Apwitikiziwo anali atakhazikika kale ku Sena ndi ku Tete m'mbali mwa Zambezi. Anthu ogwidwa ku gombe limenelo ankatengedwa kukapalasa mabwato, kunyamula katundu ndi kumenya nkhondo m'madoko ngati lino.

Ndinagula kandulo ya marupi 5. Mkulu wa mpingo kwathu akawerenga izi adzandiitanitsa, koma sindikanatha kungodutsa. M'timabuku ta alendo tomwe tili pa tebulo la mayi a nyumba muli Apwitikizi, Adatchi, Ayuda, Aluya ndi Atchaina. Anthu akudawa ndinawasaka m'menemo osawapeza. Amene akuwakumbukira ndi oyendetsa auto ndi ogulitsa tiyi, ndi ndalama zawo, popanda tikiti yolowera. Wa tiyi uja anakana kuti ndilipire kapu yomwe ndinamwa pobwerera.

Lachinayi, Fort Kochi

Lero thupi lakana. Miyendo yatupa ndipo m'mimba mukuwotcha ndi tsabola wa masiku onsewa. Ndinangozungulira pafupi.

Mu tchalitchi cha St Francis muli mwala wosonyeza pomwe Vasco da Gama anaikidwa atamwalira kuno mu Disembala 1524. Mafupa ake anawatengera ku Portugal patatha zaka 14, choncho anthu amafola kujambula manda opanda mwini. Ndinakhala pabenchi chifukwa munali kozizira.

Ku Dhobi Khana ndiko ndinakhalitsa. Ndi malo ochapira zovala a mabanja achitamil omwe amati makolo awo anabweretsedwa ndi Adatchi kudzachapa mayunifolomu a asilikali. Dobi aliyense ali ndi kachipinda kake ka simenti, amaima m'madzi n'kumamenyetsa nsalu pamwala. Poyanika sagwiritsa mapegi, amapanikiza nsonga ya chovala pakati pa zingwe ziwiri zopotana za ulusi wa kokonati. Ena akusitabe ndi simbi zolemera za makala a zigoba za kokonati. Ambiri mwa iwo ndi okalamba. Ntchito yawo tsopano ndi mashiti ogona ndi matawulo a mahotela ndi ma homestay, ndiye pano mlendo akudyetsadi munthu, ngakhale sadziwa. Odzajambula amalowa ulere, pakhomo pali kabokosi koponyamo mwakufuna kwako. Ndinaona gulu lonse likutuluka osakayang'ana n'komwe.

Madzulo kunabwera amayi awiri ovala makhoti obiriwira kudzatenga thumba la mapulasitiki lomwe mayi a nyumba amasunga kuseri kwa chitseko, otsukidwa ndi kuyanikidwa. Ndi a gulu la Haritha Karma Sena, omwe amayenda khomo ndi khomo, ndipo banja lililonse limalipira kangachepe pamwezi. Mayi a nyumba akuti anthu anayamba kumvera zimenezi moto wa ku Brahmapuram utachitika. Kumeneko ndi kudzala la mzinda wonse, ndipo mu Malichi 2023 phiri la zinyalala linayaka pafupifupi masabata awiri, utsi unakuta mzinda, masukulu anatsekedwa. Kerala analetsa mapulasitiki ogwiritsa ntchito kamodzi kuyambira Januwale 2020, koma pitani pagombe la Fort Kochi m'mawa mukaone zimene mafunde alavula. Nanenso ndagula mabotolo amadzi osawerengeka chifikireni, poopa a pampopi. Mayiwo andipatsa a m'fulasiki, owiritsidwa ndi tizidutswa ta mtengo tomwe timawasandutsa ofiirira. Akuti ndiwo amamwa aliyense kuno.

Lachisanu, Kumbalangi

Mabasi awiri, kusinthira ku Thoppumpady, onse pamodzi osakwana marupi 40. Mabasi a kuno alibe magalasi m'mawindo, ndipo madalaivala ake amathamanga ngati alibe ana kunyumba. Kondakitala anandigwira paphewa pondiuza potsikira, n'kuuzanso mnyamata wina wasukulu kuti andionetse njira.

Kumbalangi ndi mudzi wa pachilumba womwe boma linausankha mu 2003 kuti ukhale chitsanzo cha ntchito zokopa alendo zoyendetsedwa ndi eni mudzi. Ganizo lomweli analikulitsa ku Kumarakom kuyambira mu 2008, kumene mahotela anauzidwa kuti azigula masamba, mazira ndi mkaka kwa magulu a amayi a m'deralo, ndipo mu 2017 Kerala anakhazikitsa nthambi yoona za zimenezi, Responsible Tourism Mission. Papepala n'zabwino. Pamalo, zina ndi sewero: mayi amapota chingwe cha kokonati alendo akafika, akachoka amasiya. Koma ndalama imalowa m'manja mwake popanda kudzera kwa wina, ndipo pamenepa ndilibe chotsutsa.

Chomwe chinandigwira mtima ndi minda ya pokkali. Nyengo ya mvula, madzi akakhala opanda mchere wambiri, amadzala mpunga wautali wopirira mchere. Pokolola amadula ngala zokha, mapesi n'kuwasiya awolere m'madzi. Kuyambira cha mu Novembala amatsegula zitseko za m'migula kuti madzi a m'nyanja alowe ndi ana a ma prawn (abale ake a nkhanu), omwe amadya zowolazo, ndipo ndowe zawo zimakhala manyowa a mpunga wotsatira. Feteleza salowamo. Bambo amene amandionetsa anati vuto ndi anthu ogwira ntchito, chifukwa kukolola kwake umaima m'madzi ofika m'chiuno ndipo achinyamata safuna, kotero eni minda ambiri amangoweta ma prawn chaka chonse, nthaka n'kumawawa mchere. Anadandaulanso za miyezi yotentha pamene madzi a kuno amawala usiku chifukwa cha tizilombo tating'onoting'ono. Chionetsereni zimenezi mufilimu ina, anthu a mumzinda amakhamukira kuno usiku, kuponda migula ndi kugenda miyala m'maiwe kuti madzi awale.

Nkhomaliro ndinadya pakhonde la banja lina, marupi 250: chinangwa chophika chofewa, chomwe kuno amati kappa, ndi nsomba ya karimeen yokutidwa m'tsamba la nthochi n'kuwotchedwa. Karimeen ndi wa banja limodzi ndi chambo chathu, ndipo ukamugawa pakati minga yake imakhala momwe umaiyembekezera. Ndinadya ndi manja mpaka mutu, mayi wophikayo anaitana mwamuna wake kuti adzaone mlendo wodziwa kudya nsomba.

Loweruka, pa Water Metro

M'mawa kunaima sitima yaikulu ya alendo ku Willingdon, yoyera, yosanjikizana ngati hotela. Pofika 10 koloko mabasi oziziritsa anali atadzaza m'mbali mwa Parade Ground, anthu ovala zipewa ndi manambala pachifuwa akutsatira wonyamula kambendera. Maukonde, tchalitchi, sunagoge, sitolo imodzi yosankhidwiratu, basi. Pofika 3 koloko kunali zii. Ndinafunsa mayi a nyumba ngati tsiku lotere limawapindulira. Anati anthu amenewo amagona m'sitima, amadya m'sitima, kuno amangosiya mabotolo ndi kugwiritsa ntchito zimbudzi. Iwo amakonda mlendo wosauka wokhala sabata yathunthu, wogula tiyi pakona ndi kupereka zovala kwa dobi. Ndikuganiza kuti amanena ine.

Pobwerera ku Ernakulam ndinafuna kulawa boti latsopano la Water Metro, lomwe linayamba mu Epulo 2023 ndipo linafika ku Fort Kochi chaka chotsatira. Marupi 40 mpaka ku High Court. Maboti ake anapangidwa ku Cochin Shipyard mumzinda momwemuno, amayendera mabatire, amanyamula anthu 100, muli mpweya wozizira, ndipo pokwerera pake pamayandama kuti madzi akakwera kapena kuphwa wa njinga ya olumala alowebe bwinobwino. Phokoso palibe. Loweruka chonchi theka la okwera linali mabanja odzangokwera ndi kujambula, ndipo ndinadikira pamzere kupitirira theka la ola. Anamwino awiri omwe anali kumbuyo kwanga amadandaula kuti achedwa kuntchito chifukwa cha ife odzaona malo. Botili analipangira anthu a m'zilumba opita kuntchito ndi kusukulu, alendo tangokwera nawo, ndipo mwa zonse zomwe ndaona sabata ino ndi limene sindikulikayikira kuti lidzakhalapo alendo atasiya kubwera. Komabe bambo onyamula dengu la nsomba ndinawaona akulowera ku boti lakale lija la marupi 6.

Tsabola wakuda ndagula pamsika wa Broadway ku Ernakulam, kumene amagula eni mzinda, pa mtengo wotsika kwambiri poyerekeza ndi timapaketi tokongola ta ku Jew Town. Amene munanditumira, theka la kilo aliyense, musayembekezere zoposa apo, sikelo ya ndege siseka. Basi yopita ku Nedumbassery, bwalo la ndege lomwe limayendera magetsi a dzuwa kuyambira mu 2015, inyamuka mawa m'mamawa, ndipo andichenjeza kuti ndiwonjezere ola lathunthu chifukwa cha mpanipani wa magalimoto ku Aluva.